Louis Braille, mnyamata wowerenga ndi zala

Louis Braille anabadwa m'caka ca 1809 m'mudzi wa Coupvray, m'dziko la France. Bambo wake anali mmisiri wa zikopa. Ankasoka zishalo ndi zingwe za akavalo.

Tsiku lina, ali ndi zaka 3, Louis ankasewera ndi zida za bambo wake. Cida cakuthwa cinamulasa m'diso. Diso lija linatupa, ndipo matenda analowanso m'diso linalo. Pofika zaka 5, Louis sankaonanso.

Makolo ake sanamubise m'nyumba. Anamuphunzitsa kuyenda yekha ndi ndodo. Atakula pang'ono, anamutumiza kusukulu ya m'mudzimo. Ankakhala pamodzi ndi ana oona. Anzake akamawerenga, iye ankamvetsera ndi kusunga zonse m'mutu.

M'caka ca 1819, ali ndi zaka 10, anapita kusukulu ya ana osaona mumzinda wa Paris. Mabuku a kumeneko anali ocepa ndiponso olemera. Zilembo zake zinali zazikulu ndi zotukuka, kuti ana aziwerenga pozikhudza ndi zala. Kuwerenga kunali kocedwa, ndipo kulemba kunali kovuta.

Kusukuluko Louis anaphunziranso njira ya Charles Barbier, yolemba ndi timadontho totukuka. Cilembo cimodzi cinkafika timadontho 12. Nsonga ya cala sinkatha kukhudza tonse nthawi imodzi.

Louis anayesa, nayesanso, kuboola mapepala usana ndi usiku. M'caka ca 1824, ali ndi zaka 15, anapeza njira yake ya timadontho 6: titatu kumanzere, titatu kumanja. Ndi timadontho timeneti munthu amalemba zilembo, manambala ndi nyimbo zomwe. Buku lofotokoza njirayi linatuluka mu 1829.

Louis anakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo. Ankaimbanso limba m'chalichi. Koma anadwala cifuwa cacikulu, namwalira mu 1852, ali ndi zaka 43. Patapita zaka 2, sukulu yake inavomereza zilembo zake. Lero anthu osaona m'maiko ambiri amawerenga ndi zilembo zimenezi. Dzina lake ndi braille.

Ana inu, ena mwa anzathu saona. Ena samva. Ena amayenda ndi ndodo. Onsewa ndi ana anzathu, ndipo sukulu ndi yawonso. Tisawaseke. Tiziwaitana ndi maina awo. Tizisewera nawo. Mnzathu wosaona akafuna thandizo, timupatse mkono kuti agwire, tisamukoke.

Makolo, mwana wolumala asatsale pakhomo anzake akamapita kusukulu. Louis akanatsekeredwa m'nyumba, kodi akanaphunzira bwanji?

Mafunso
1. Kodi n'ciani cinalasa diso la Louis?
2. Kodi Louis anagwiritsa nchito timadontho tingati?
3. Tsinzina. Mnzako akupatse nyemba ndi cimanga. Kodi zala zako zingazisiyanitse?