A Samuel Josia Ntara, mphunzitsi amene analemba za anthu a m'mudzi

 Mwezi uno m'bokosi la kalabu mwalowa mabuku atatu. Nthondo ndi Msyamboza ndinagula pa msika wa Lizulu nditagulitsa mbatatesi, pomwe Mbiri ya Achewa atibwereka ndi mkulu wa mpingo wina. Onse atatu analemba ndi munthu mmodzi, a Samuel Josia Ntara, amene ena amalemba kuti Nthara. Ndiye ndati musanayambe kulimbirana mabukuwa, muyambe mwadziwa mwini wake.

A Ntara anabadwa mu 1905 m'dziko limene lero ndi Malawi. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, imene inayamba ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazika likulu lake ku Nkhoma, ndipo anakhala mphunzitsi. Masiku amenewo mabuku a Chinyanja analipo ndithu, koma ambiri anali omasulira azungu, monga Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu mu 1922, mabuku a nyimbo ndi owerengera ana kusukulu. Munthu wakuda kukhala pansi n'kulemba buku lonse la nkhani ya kwawo, zinali zosowa zedi.

Mwayi unabwera pamene bungwe lina la ku London, la International Institute of African Languages and Cultures, linayambitsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa. A Ntara anatumiza Nthondo n'kupambana, ndipo bukulo linatuluka mu 1933, iwo asanakwanitse n'komwe zaka 30. Mmishonale wa ku Scotland, a Thomas Cullen Young, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934, ndipo mawu oyamba analemba ndi katswiri wa sayansi, a Julian Huxley. Tangoganizani, nkhani ya mwana wa m'mudzi kuwerengedwa mpaka ku Ulaya!

Nthondo ndi munthu wopeka, koma mukamawerenga mumachita ngati mukumudziwa. Timamuona kuyambira pobadwa mpaka pa maliro ake. Akukula ali wovuta ndiponso wakuba, akupita kutali kukafuna ntchito monga achitira anyamata athu opita ku Joni, akubwerera kwawo, akulowa ufumu, kenaka akutembenuka mtima n'kulowa mpingo. Ine chandigwira mtima ndi miyambo: za chikuta, za ukwati, za milandu pabwalo. Mathero ake okha ndiwo akuoneka kuti wolembayo anali munthu wa mishoni, poti zonse zikukathera kutchalitchi. Anzathu a miyambo ya makolo mwina pamenepo mudzatsutsa, ndipo n'zololedwa, tidzakambirana pa msonkhano.

Buku la Msyamboza ndilo lathu alimi. Uyu sanali wopeka ayi, anali mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, ndipo anamwalira mu 1926 atakalamba kwambiri. Anakhala ndi moyo nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga, n'kudzaonanso kufika kwa amishoni. Anatchuka chifukwa chothirira mbewu m'chilimwe ndi kuyesa mbewu zachilendo, anzake akudikira mvula yokha basi. Ife amene timakumba ngalande m'madimba kuti tilime kabichi ndi mbatatesi, tidziwe kuti nzeru imeneyi sinayambe ndi mabungwe a dzana. Bukuli nalonso a Young analimasulira, linatuluka mu 1949 ndi dzina loti Headman's Enterprise. Chaka chomwecho a Ntara anatulutsanso Nchowa, nkhani ya moyo wa mayi, ndipo mu 1964 analemba mbiri ya abusa a Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa akuda oyambirira a Nkhoma.

Koma ntchito yawo yaikulu ndi Mbiri ya Achewa, imene inayamba kusindikizidwa m'zaka za m'ma 1940 n'kudzatulukanso mu 1965. Zimene zili m'menemo zinachokera pakamwa pa akuluakulu amene ankasunga mbiri m'mutu. Muli za Kaphirintiwa, za Makewana wa ku Msinja, za a Banda ndi a Phiri, za Kalonga ndi za Undi. Abale a ku Macanga tcherani khutu apa, chifukwa Undi atapatukana ndi Kalonga anadzamanga likulu lake ku Mano, mbali ino ya Mozambique, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Ndiye ngakhale buku linasindikizidwa ku Malawi, nkhani yake ndi ya kwathu konkuno. Malire anabwera mochedwa, anapeza anthu ali pachibale kale. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, atamasulira a W. S. Kamphandira Jere, ndipo katswiri wa mbiri, a Harry Langworthy, anawonjezeramo ndemanga zawo. A Ntara anamwalira mu 1976, ataona ntchito yawo ikuwerengedwa ndi ophunzira a m'mayunivesite.

Ambiri a ife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, ena tinaphunzirako Chichewa tili othawa nkhondo ku Ntcheu ndi ku Dedza mtendere wa 1992 usanabwere. N'chifukwa chake ena amaganiza kuti chilankhulo chathu n'cha pamsika ndi pamaliro pokha. A Ntara anaonetsa kuti Chichewa chimatha kunyamula moyo wonse wa munthu ndi mbiri ya mtundu. Agogo amene anawafotokozera aja onse anapita kalekale, koma mawu awo tili nawo m'bokosi lathu lero chifukwa wina anatenga cholembera.

Nanga za kuno alemba ndani? Za Angoni a Maseko ndi phiri la Domwe, za chibalo, za m'mene tirigu anafikira m'mapiri athu ano, za kuthawa ndi kubwerera, zonsezi zili m'mitu ya agogo athu, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Pempho langa n'lakuti membala aliyense agule kope, akhale pansi ndi gogo mmodzi, afunse mwaulemu, alembe dzina la mudzi ndi chaka ngati akuchikumbukira. Kulemba kokhota si mlandu. Tikasonkhanitsa tidzapempha kuti zina ziwerengedwe pa wailesi.

Ofuna mabuku aonane ndi alembi a kalabu. Aliyense masabata awiri, ndipo chonde tisawasiye kukhitchini kuli utsi kapena pamene ana angang'ambe. Tiwerenge.