Santiago Ramón y Cajal, dotolo amene adatsata njira za mu ubongo

Msodzi wa ku Ruarwe akatambasula chilimira pamchenga kuti asoke pamene pang'ambika, amadziwa kuti ulusi uliwonse ndi womangidwa ku unzake, ndipo akakoka mbali imodzi ukonde wonse umagwedezeka. M'zaka za m'ma 1880 akatswiri ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti ubongo udalukidwa momwemo, ngati ukonde umodzi wa timitsempha wopanda podukira. Amene adagwetsa chikhulupiriro chimenechi adali mwana wa m'kamudzi ka m'mapiri a ku Spain, kakutali ndi misewu ikuluikulu ngati Ruarwe yemwe, ndipo ankalemba m'chinenero chimene akatswiri a nthawiyo sankachiwerenga.

Santiago Ramón y Cajal adabadwa pa 1 Meyi 1852 ku Petilla de Aragón. Bambo ake, a Justo Ramón, adali dotolo wa kumudzi wolimba pa mwambo, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wawo adzagwire ntchito yomweyo. Koma mtima wa mnyamatayo udali pa zojambula. Kusukulu adali wosamva kamodzi. Ali ndi zaka 11 adadzipangira mzinga ndi kuphulitsa nawo chipata cha mnansi, ndipo adagonera m'chitolokosi masiku angapo. Atatopa naye, bambo ake adamupereka kwa wometa tsitsi, kenaka kwa wosoka nsapato, kuti aphunzire ntchito. Chidamubweza kusukulu ndi mafupa. M'chaka cha 1868 awiriwa ankatola mafupa a anthu m'manda akale kuti aphunzire mapangidwe a thupi (m'midzi ya kuno akadatchedwa afiti tsiku lomwelo), ndipo mnyamata uja ankajambula fupa lililonse mwaluso. Apo bambo adaona kuti dzanja limene ankadana nalo lija lili ndi ntchito.

Adamaliza maphunziro a udotolo ku Zaragoza mu 1873, ndipo chaka chotsatira adapita ku Cuba monga dotolo wa asilikali. Kumeneko malungo ndi kamwazi zidatsala pang'ono kumupha, moti adabwerera kwawo mu 1875 ali mafupa okhaokha. Ndalama zimene adasunga ku usilikali zidamuthandiza kugula maikulosikopu yake yoyamba mu 1877. Mu 1879 adakwatira Silveria Fañanás, amene adabereka naye ana asanu ndi awiri, ndipo mu 1883 adapambana mpando wa upulofesa ku Valencia. Kolera itavuta mu 1885 adachita kafukufuku wa matendawo, ndipo akuluakulu a chigawo cha Zaragoza adamuthokoza ndi maikulosikopu yamakono ya Zeiss.

Zinthu zidatembenuka mu 1887 ku Madrid, m'nyumba ya dotolo wa matenda a ubongo, Luis Simarro. Mkuluyu adamuonetsa tizidutswa ta ubongo tokonzedwa mwa njira imene Camillo Golgi wa ku Italy adatulukira mu 1873. Ubongo ndi wofewa ngati phala, ndipo maselo ake ndi othinana kwambiri, moti ukaupaka utoto wamba umangooneka chisokonezo. Golgi ankaumitsa kachidutswa m'mankhwala a potassium dichromate ndi kukaviika mu silver nitrate. Chodabwitsa n'chakuti mankhwalawa amadetsa maselo owerengeka okha ndi kusiya ena onse, koma selo limene adetsalo limaoneka lonse lathunthu, thunthu ndi nthambi zomwe, ngati mtengo umodzi wakuda pakati pa nkhungu. Golgi ameneyu ndi yemwenso adasonyeza kuti kutentha thupi kwa malungo kumabwera pamene tizilombo tamaliza kuswana m'magazi. Sadali katswiri wamba. Komabe poyang'ana maselo akewo, iye ankaona ukonde.

Cajal adasamukira ku Barcelona chaka chomwecho ndipo adayamba kuikonza njirayo. Ankaviika kachidutswa kawiri m'malo mwa kamodzi. Nzeru yake yaikulu idali yosiya ubongo wa nyama zazikulu, umene uli ngati nkhalango yowirira, ndi kutenga wa anapiye osaswa ndi tiana ta nyama, mmene nthambi zikadali zazifupi ndi zosakutidwa ndi mafuta oletsa utoto kulowa. Mmenemo ankatha kulondola kamtsempha kamodzi kuchokera pamene kayambira mpaka pamene kathera. Paliponse pamene adayang'ana, kamtsemphako kankathera pafupi ndi selo lina, kulikhudza kapena kulikumbatira, koma osasungunukiramo. Selo lililonse lidali lodziimira palokha.

Kuona chinthu ndi nkhani ina, kuti anthu amve ndi nkhani inanso. Sayansi ya thupi nthawi imeneyo inkalembedwa m'Chijeremani ndi m'Chifalansa, ndipo dziko la Spain palibe ankaliwerengera. Mu Meyi 1888 Cajal adayambitsa magazini yakeyake, Revista Trimestral de Histología Normal y Patológica, ndi ndalama za m'thumba mwake. Zolemba zidali zake, zithunzi zake, ndipo ankasindikiza makope 60 okha, ambiri n'kuwatumiza kwa akatswiri akunja. Pakhomo padavuta mpaka Silveria adalolera kukhala wopanda wantchito pakati pa ana ang'onoang'ono kuti magaziniyo isafe. Mayankho sadabwere. Ena sankatha kuwerenga Chisipanishi, ndipo ena poona zithunzizo ankayesa kuti wojambula wakometsera.

Mu Okutobala 1889 adatenga ndalama zimene adasunga, maikulosikopu yake ndi timagalasi take, ulendo wa ku Berlin ku msonkhano wa akatswiri a mapangidwe a thupi a ku Germany. Adayala katundu wake patebulo, koma ambiri ankangodutsa. Ndipo iye adapita kukatenga Albert von Kölliker wa ku Würzburg, gogo wa zaka 72 amene mawu ake adali ngati chigamulo, ndi kumukhazika pa maikulosikopu. Kölliker adaona ndi maso ake, adakabwereza ntchitoyo kwawo, adaitsimikiza, mpaka adaphunzira Chisipanishi kuti awerenge zolemba za Cajal. Kuyambira pamenepo dzina lake lidayamba kupezeka m'mapepala a anzake. Mu 1891 Wilhelm Waldeyer adasonkhanitsa umboniwo ndi kufalitsa dzina lakuti neuron, ndipo mu 1897 Charles Sherrington wa ku England adatcha malo okumanira maselo awiri kuti synapse.

Chimene chimasiyanitsa zithunzi za Cajal ndi za anzake ndi timivi. Iye ankayang'ana nyama yakufa, yoduladula, koma ankafunsa kuti uthenga umalowera kuti ndipo umatulukira kuti. Poyerekeza maselo a m'diso ndi a m'mphuno, mmene chiyambi cha uthenga n'chodziwikiratu, adaona kuti umalowa panthambi zazifupi, n'kudutsa m'thunthu, n'kutuluka pa chingwe chachitali. Choncho adajambula timivi tosonyeza njirazo m'zigawo zosiyanasiyana za ubongo, ndipo timivi tambiri tidapezeka kuti tidaloza koyenera. Adaonanso timinga ta panthambi za maselo, timene ena ankati ndi litsiro la mankhwala chabe, komanso nsonga imene kamtsempha kamakulira nako pofunafuna kumene kakupita.

Zonsezi adazimanga m'buku la Textura del sistema nervioso del hombre y de los vertebrados, limene lidatuluka pakati pa 1899 ndi 1904, la masamba pafupifupi 1,800 ndi zithunzi zoposa 800. Dziko lidalidziwa bwino bukuli pamene Léon Azoulay adalimasulira m'Chifalansa, ndipo lidatuluka mu 1909 ndi 1911. Lachingerezi lathunthu lidachedwa mpaka 1995.

Mu 1906 Cajal ndi Golgi adagawana mphotho ya Nobel. Ku Stockholm kudali kukumana kwawo koyamba, ndipo kudali kozizira. Golgi adagwiritsa ntchito nthawi yake yolankhula potsutsa chiphunzitso cha neuron ndi kuteteza ukonde wake, pamaso pa munthu amene amagawana naye mphothoyo. Tsiku lotsatira Cajal adangoyala umboni wake.

Sikuti adalondola zonse. Ankakhulupirira kuti njira za mu ubongo wa munthu wamkulu zikawonongeka sizimeranso konse, mfundo imene akatswiri a pambuyo pake adaifewetsa. Padapezekanso malo ena mmene maselo amalumikizana mwachindunji ndi timabowo, moti Golgi sadaphonye kotheratu. Ndipo Cajal mwini adali wokonda mikangano ya yemwe adayamba kuona chakuti, khalidwe limene silidabisike m'zolemba zake. Adaphunzitsa ku Madrid kuyambira 1892 mpaka atapuma mu 1922, ndipo adasula akatswiri monga Rafael Lorente de Nó ndi Fernando de Castro. Silveria adamwalira mu 1930. Mu 1933, ali wogontha ndi wofooka, mkuluyo adatulutsabe nkhani yaitali yoteteza neuron kwa amene ankafuna kuutsa ukonde uja. Adamwalira ku Madrid pa 17 Okutobala 1934, kampata ka pakati pa maselo awiri asadakaone ndi maso. Kadaoneka m'zaka za m'ma 1950 pa maikulosikopu ya ma electron.

Masiku ano mphamvu ya wofufuza imayezedwa ndi kuchuluka kwa anzake amene amatchula ntchito yake m'mapepala awo. Kaundula wowerenga matchulidwe amenewa, Science Citation Index ya Eugene Garfield, adayamba mu 1964, Cajal atagona m'manda zaka 30. Mapepala ambiri a sayansi amaiwalika pakangotha zaka zochepa, koma buku lija la Chifalansa likutchulidwabe ndi amene akujambula mapu a kulumikizana kwa ubongo, ntchito imene kuyambira 2005 imatchedwa connectome. Mu 1986 gulu la Sydney Brenner lidamaliza mapu a kanyongolotsi ka ma neuron 302. Mu 2024 adamaliza a ubongo wa kantchentche ka pa zipatso, okhala ndi ma neuron pafupifupi 140,000. Ubongo wa munthu uli nawo pafupifupi 86 biliyoni. Zithunzi ndi zolemba za Cajal zikusungidwa ku Madrid, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wake wa Memory of the World.