Anthu a m'Mbiri Yathu: Mungo Murray Chisuse, Mmisiri wa Zithunzi

Pafupifupi Mmalaŵi aliyense amaidziŵa nkhope ya Mbusa John Chilembwe, koma ndi oŵerengeka amene amafunsa za munthu amene anaima kuseri kwa kamera. Munthuyo anali Mungo Murray Chisuse, yemwe amakumbukiridwa monga Mwafirika woyamba kujambula zithunzi m'dziko muno.

Chisuse anakulira pa Mishoni ya Blantyre, imene Asikotishi anakhazikitsa m'chaka cha 1876. M'chaka cha 1885 anapita ku Scotland kukaphunzira, ndipo anapitakonso mu 1897 kukanola luso la kusindikiza mabuku mumzinda wa Edinburgh. Atabwerera kwao anakhala mkulu wa nyumba yosindikizira ya Mishoni. Analinso mmodzi wa madikoni asanu ndi aŵiri amene Mbusa David Clement Scott anawasankha.

Kujambula m'masiku amenewo kunali ntchito yofuna kuleza mtima. Mmisiri ankadalira dzuŵa, ndipo anayenera kulidziŵa khalidwe lake: la masana limaponya mthunzi wakuda m'maso mwa munthu, pamene la m'maŵa limaonetsa nkhope bwino lomwe. Wojambulidwa anayenera kukhala phee, chifukwa kugwedezeka pang'ono kunkaononga chithunzi chonse.

Koma luso la Chisuse silinali m'manja mokha. Azungu ambiri a nthaŵiyo ankajambula Mwafirika monga chinthu chodabwitsa chokaonetsa kwao. Chisuse ankajambula anthu a mtundu wake monga mmene iwo eni anafunira kuoneka: ovala mwaulemu, okweza mutu, oyang'ana kamera mopanda mantha. Umu ndi mmene anamjambulira Chilembwe, mkazi wake Ida, ndi anthu a Providence Industrial Mission ku Chiradzulu.

Nkhondo ya Chilembwe itabuka mu Januwale 1915, boma la atsamunda linagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale. Chisuse anakapereka umboni ku bungwe lofufuza za nkhondoyo. Njerwa zinagwa, koma zithunzi zinatsala, ndipo zinasindikizidwa m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wa ku Mponela ngakhale ku Ntchisi, amene lero akujambula amayi pamsika dzuŵa likupendeka kumapiri, adziŵe kuti wagwira ntchito yolemera. Zimene iye asankha kuika poŵala ndizo zidzukulu zidzaone; zimene asiya mumthunzi zidzaiŵalika.