Al-Khwarizmi, Mwini Masamu a Aljebra

Ana athu ambiri a sekondale kuno ku Karonga amadandaula kuti aljebra ndi masamu ovuta a azungu. Ovuta, mwina inde. Koma a azungu ayi. Dzina lenilenilo ndi la Chiarabu, ndipo linachokera pa buku la Msilamu mnzathu, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, Allah amuchitire chifundo.

Anabadwa cha m'ma 780, ndipo dzina lake likuloza ku Khwarazm, dera limene mbali yake yaikulu lero ili mu Uzbekistan. Ntchito yake anaigwira ku Baghdad, ku Bayt al-Hikma, nyumba ya maphunziro, pa nthawi ya Khalifa al-Ma'mun amene analamulira kuyambira 813 mpaka 833. Cha m'ma 820 analemba buku la al-jabr ndi al-muqabala.

M'bukumo mulibe x ngakhale mmodzi. Zonse analemba m'mawu. Limodzi mwa mafunso ake, tikalilemba monga a m'kalasi lero, ndi 2x² + 10x = 48. Iye sanayambe kulimbana nalo liri choncho. Anayamba wagawa zonse ndi 2, funso n'kupepuka kukhala x² + 5x = 24, ndipo yankho ndi 3. Paja ndi zomwezo aphunzitsi amauza ana: yamba wafufuza nambala yaikulu imene ikulowa m'zigawo zonse, uitulutse kunja, kenako upitirize.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gawo lalikulu la bukuli likunena za chuma cha masiye ndi wasiya. Apa mpomwe ine ndimamulemekeza kwambiri bamboyu. Surat an-Nisa inaika magawo a olowa chuma, ndipo kuwawerengera molakwa ndiko kudya za mkazi wamasiye. Taonani: bambo wamwalira, wasiya mkazi, mayi wake ndi mwana mmodzi wamwamuna. Ngongole ndi wasiya zalipidwa, kwatsala matumba 24 a mpunga wa Kilombero. Mkazi atenga gawo limodzi mwa 8, matumba 3. Mayi atenga limodzi mwa 6, matumba 4. Otsala 17 ndi a mwana. Koma chuma sichigwa bwino chonchi nthawi zonse. Pakalowa wasiya wopita kwa munthu wakunja, kapena wolowa chuma ali ndi ngongole kwa malemu, masamu amasokonekera, abale n'kuyamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Milandu yotereyi ndiyo anaiyala umodzi umodzi.

Analembanso za manambala a ku India, za nyenyezi, ndi za maiko m'buku la Surat al-Ard. Mu 1145 Robert of Chester anamasulira aljebra yake m'Chilatini ku Spain. Azungu anapotoza dzina lake kukhala Algoritmi, m'menemo mukuchokera liwu loti algorithm la akatswiri a kompyuta. Anamwalira cha m'ma 850.