EBENEZER HOWARD NDI MIZINDA YA MITENGO

Ambiri a ife, pocoka ku Senga Bay kunka ku Lilongwe, timadzera ku Salima. Tikafika pa Kanengo timayesa kuti tafika, koma ai, ulendo ukalipo: timapyola mitengo ndi malo opanda nyumba mailosi angapo tisanaone msika wa ku Old Town. Kodi cifukwa cace nciani? Nkhaniyi iyamba ndi munthu amene anamwalira kutali, likulu lathu lisanamangidwe.

Ebenezer Howard anabadwira ku London m'caka ca 1850. Ali ndi zaka 21 anaoloka nyanja kunka ku Nebraska, ku America, kukayesa ulimi, koma unamkanika. Anakakhala mlembi ku Chicago, nabwerera kwao mu 1876, kumene anagwira nchito yolemba zokambidwa m'Nyumba ya Malamulo.

Mtima wace unawawa poona amphawi a ku London atapanikizana m'tinyumba ta utsi. Cotero mu 1898 anaturutsa buku lofotokoza mzinda wa mtundu wina: waung'ono, wa anthu 32,000 okha, wozingidwa ndi minda. Nyumba, sukulu, masitolo ndi mafakitale zinayenera kuyandikana, kuti munthu afike ku nchito wapansi. Mzindawo ukadzaza, amange wina patsogolo, naulumikize ndi njanji.

Bambo ameneyu sanalekere pa kulemba. Mu 1903 iye ndi anzace anayamba kumanga Letchworth, ndipo mu 1920 Welwyn, kumene anamwalira mu 1928, atalandira ulemu wa Sir caka capitaco.

Maganizo acewo anafika kuno kwathu. Lusaka, likulu la anzathu kuyambira 1935, ndi Lilongwe, likulu lathu kuyambira 1975, inakonzedwa potsata ena a iwo. Koma okonza Lilongwe anatenga mitengo ndi mabwalo, nasiya kuyandikana kuja. Maofesi ali ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, msika waukuru ku Old Town. Wa galimoto yace saona bvuto. Wosauka wa ku Kawale alipira minibasi kapena kabaza, ndipo ndalama ikasowa alawira mbandakuca wapansi.

Anzanga, ena a ife tidzakhala oyesa malo ndi omanga miseu, mwina pa Salima pompano. Tsiku limenelo tidzakumbukire kuti Howard anayamba waganizira munthu woyenda pansi, mitengo inadza pambuyo.