Willoughby D. Miller

Willoughby Dayton Miller (1 Ogasiti 1853 – 27 Julayi 1907) anali dokotala wa mano wa ku America amene anafotokoza mmene mabakiteriya ndi shuga amawoletsera mano.

Moyo wake

Miller anabadwira ku Alexandria m'chigawo cha Ohio. Anaphunzira pa yunivesite ya Michigan, ndipo mu 1879 anamaliza maphunziro a za mano pa yunivesite ya Pennsylvania. Kenako anakagwira ntchito ku Berlin m'dziko la Germany, komwe anachitanso kafukufuku mu labotale ya Robert Koch. Atabwerera kwawo kuti akatsogolere sukulu ya za mano ya ku Michigan, anamwalira asanayambe ntchitoyo.

Kafukufuku wake

Miller ankasakaniza malovu ndi buledi kapena shuga n'kuikamo mano ozulidwa. Anapeza kuti mabakiteriya a m'kamwa amasandutsa shuga kukhala asidi, ndipo asidiyo amasungunula mbali yolimba ya dzino. Zimenezi anazilemba m'buku lakuti The Micro-Organisms of the Human Mouth, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1890.

Zotsatira zake

Mu 1924, J. Kilian Clarke anapeza mtundu wa mabakiteriya wotchedwa Streptococcus mutans m'mano obowoka. Pambuyo pake zinadziwika kuti mabakiteriyawa amagwiritsa ntchito shuga wa nzimbe popanga zinthu zomata zimene zimawathandiza kuunjikana n'kukanirira pa dzino. Zomatazo zimasunga asidi pamalo amodzi, n'chifukwa chake kudya zotsekemera pafupipafupi osatsuka mano kumawabowola.