Nana Asma'u, mayi amene nyuzi zathu sizimudziwa

Tatsegulani nyuzipepala, kaya yakuno kaya yakunja, mufunefune chithunzi cha mayi wa Chisilamu. Kawirikawiri mupeza wadzifunda nsalu, ali chete, ndipo m'munsi mwake muli nkhani ya nkhondo, mitala kapena ukwati wa ana. Dzina lake salemba ayi, maganizo ake safunsa. Ndiye lero ndati tikambeko za mayi wina amene akadakhala moyo, atolankhani akadatha mabuku polemba zonena zake.

Nana Asma'u adabadwa m'chaka cha 1793 ku Degel, dera limene lero lili kumpoto kwa Nigeria. Bambo ake adali Shehu Usman dan Fodio, mphunzitsi wa Chisilamu amene adalimbana ndi mafumu a Chihausa. Nkhondo itabuka mu 1804, Asma'u adali kamtsikana ka zaka 11, ndipo adathawa nawo pamudzi pamodzi ndi anthu a bambo ake. Nkhondo imeneyi ndiyo idabala ufumu wa Sokoto.

Pakhomo pa Shehu maphunziro sadali a anyamata okha. Mkuluyu ankadzudzula amuna osiya akazi awo ndi ana awo aakazi mu umbuli. Choncho Asma'u adaloweza Korani yonse pamtima, nayamba kulemba m'zilankhulo zitatu: Chiarabu, Chifulani ndi Chihausa. Adakwatiwa ndi Gidado, amene adadzakhala nduna yaikulu ya mlongo wake Muhammad Bello, mfumu ya Sokoto. Zolemba zake zoposa 60 zilipobe mpaka lero, zina ndakatulo za maliro, zina mbiri ya nkhondo, zina malangizo a chipembedzo.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi sukulu yake yopanda makoma. Amayi ambiri akumidzi sakadatha kusiya ana ndi mapoto pamoto kupita kukaphunzira ku Sokoto. Asma'u adati palibe kanthu, sukuluyo iwapeze komweko. Cha m'ma 1830 adayamba kusankha amayi achikulire odalirika, n'kuwaphunzitsa kunyumba kwake. Mayi wotere ankatchedwa jaji. Akakhwima ankavekedwa chipewa chachikulu cha udzu chotchedwa malfa, chokulunga nsalu yofiira, kuti aliyense pamsewu adziwe kuti apa pakudutsa mphunzitsi. Ajajiwa ankayenda maulendo ataliatali atatsogolera timagulu ta agogo ndi atsikana osakwatiwa, kukatenga maphunziro kwa Asma'u ndi kubwera nawo kumudzi. Mabuku analibe okwanira, ndiye phunziro lonse linkaikidwa m'ndakatulo yosavuta kuloweza. Mayi ankatha kuibwereza akusinja kapena akupota thonje. Gulu lonseli linkatchedwa Yan Taru. Tangoganizani, kulibe wailesi, kulibe unduna wa maphunziro, kulibe thandizo la azungu.

Tisamusandutse mngelo ayi. Ufumu wa Sokoto udali ndi akapolo ochuluka zedi, ndipo ena mwa amayi amene ankaphunzitsidwawo adafika kumeneko atagwidwa pankhondo. Asma'u ankatamanda nkhondo za mlongo wake m'ndakatulo, ndipo ankadana ndi bori, mwambo wa mizimu umene amayi a Chihausa ankaukonda. Ngakhale chipewa cha malfa chija adachitenga kwa atsogoleri a bori omwewo. Adali munthu wa mphamvu, wa ndale, wodziwa chimene akufuna. Mayi wa Chisilamu wotere m'nyuzi simumupeza, chifukwa sakwana pa chithunzi chimene akonzi adazolowera.

Adamwalira mu 1864 ndipo adaikidwa ku Sokoto pafupi ndi manda a bambo ake. Angerezi atalanda Sokoto mu 1903, ntchito ya Yan Taru siidafe, amayi adapitiriza mwakachetechete m'makomo mwawo. Kunja kwa Nigeria dzina lake lidayamba kumveka kwenikweni mu 1989, pamene Jean Boyd, mayi wa ku Britain amene adakhalitsa ku Sokoto, adatulutsa buku la moyo wake atawerenga zolemba zimene adzukulu a Asma'u adasunga.

Mu 2014 zigawenga za Boko Haram zitaba atsikana oposa 270 pasukulu ya ku Chibok, nkhani idamveka dziko lonse, ndipo idayeneradi kumveka. Ambiri amene adaiwerenga adangoti kumpoto kwa Nigeria kuphunzitsa mtsikana n'chinthu chachilendo. Chonsecho kumpoto komweko kuli sukulu za atsikana zotchedwa dzina la Nana Asma'u.